Kapu Yoyera ya a Dikirani

Munthu akachoka pa msika wa Mbombwe kulowera ku Nguludi, asanafike pa kamlatho, amaona mtengo wa mango umene nthambi zake zadzaza machubu akale a njinga, akulendewera ngati njoka zoyanikidwa. Pansi pake pali beseni la madzi, pampu, bokosi lamatabwa, ndi munthu mmodzi wamfupi wa imvi m'mbali mokha. Amenewo ndiwo a Vitalis Namakhwa. Koma mukafunsa dzina limenelo kwa anyamata a kabaza adzangokuyang'anani kukamwa. Iwo amawadziwa kuti a Dikirani. Munthu ameneyu sanatchulidwepo pa wailesi, ndipo palibe wa nyuzipepala amene anatsikapo minibasi kudzamujambula. Komatu zimene anachita m'mawa wina wa mu Juni 2002 n'zoyenera kulembedwa, ndipo zalembedwa pano monga zinachitikira.

Dzina la a Dikirani linachokera ku ntchito. Omata machubu ena akapeza bowo amangopaka guluu, chigamba phaa, kupopa, kwerani muzipita. A Namakhwa ayi. Amayamba aviika chubu m'beseni, n'kumachizunguliza pang'onopang'ono mpaka aone timathovu. Akapeza bowo amapala malowo ndi chidutswa cha sowo mpaka mphira ichite mbuu. Akapaka guluu amaika chubucho pabondo n'kungokhala, manja lende.

"Madala, pasenjala wanga akupsa ndi dzuwa uko."

"Dikirani."

"Si mwapaka kale guluuyo?"

"Guluu wonyowa sagwira. Amangonamizira, kuti akakusiyeni pachitunda. Dikirani."

Nthawi yodikirayo amalowetsa dzanja m'kati mwa tayala, zala zikuyenda mozungulira, kufunafuna munga. Amati womata chubu osachotsa munga ndiye kuti wamuitana kasitomala kuti abwerenso mawa, ndipo kuteroko n'kuba kwaulemu.

Anabadwa mu 1952 kufupi ndi mtsinje wa Mombezi. Agogo awo anafika kumeneko wapansi kuchokera kuseri kwa phiri la Mulanje, ku dziko la Apwitikizi, atasenza mbewu ya nandolo ndi mphasa. Ali mwana ankasambira m'madzi oima a m'dambo ngati anzawo onse, ndipo ngati anzawo onse anayamba kukodza magazi ali ndi zaka khumi. Kalelo chimenechi sichinali matenda. Anyamata ankaimirira pamzere pamwala, kupikisana kuti wofiira kwambiri ndani, ndipo wopambana ankati wakula. Atakuladi anapita ku Limbe, kumene anagwira ntchito zaka zambiri pa sitolo ya matayala. Chaka cha mavoti a 1994 sitoloyo inatsekedwa, iwo n'kubwerera kwa akazi awo, a Gertrude, kudzakhala mkamwini wa tsiku ndi tsiku. Zaka zimenezo njinga zinachuluka m'misewu ngati inswa mvula itagwa, ndipo mtengo wa mango uja unayamba kuwadyetsa.

Magazi anabwereranso mu 1998, iwo ali ndi zaka fote sikisi. Sanadandaule. Anati ndi likodzo lakale lija ladzuka, n'kumwa mapiritsi ake. Magaziwo anasiya milungu iwiri, anayambiranso. Anamwanso mapiritsi. Kachitatu panatuluka timibulu, ndipo a Gertrude anawakoka okha kupita nawo ku Nguludi. Kumeneko anawayeza, likodzo silinapezeke, ndipo anawalembera kalata ya ku Gulupu, chipatala chachikulu cha ku Blantyre.

Dokotala amene anawalandira anali mtsikana, a Hidaya, kamutu kataphimbidwa ndi mpango, Chinyanja chawo chikumveka Chiyao cha ku Ndunde. A Namakhwa anachita manyazi aakulu, poti munthuyo anali msinkhu wa mwana wawo Lydia. Anayang'ana kudenga nthawi yonse. M'chikhodzodzo munapezeka chotupa. Anawagoneka tulo, analowetsa kachipangizo kudzera njira ya mkodzo, n'kuchipala chonse popanda kung'amba pamimba. Kachidutswa kake anakatumiza kokayeza, ndipo anawauza kuti abwerenso pakatha mwezi.

Tsiku limenelo a Hidaya anawakhazika pampando n'kunena osazungulira.

"Bambo, chija chinali khansa. Mwayi wanu chinali chikadali pamwamba, sichinalowe m'khoma la chikhodzodzo. Tachichotsa chonse. Koma matenda amenewa amakonda kubwerera."

"Ndiye kuti munga simunaupeze."

"Munga?"

Anawafotokozera za ntchito yawo. Dokotalayo anaseka, n'kusendeza mpando.

"Ndiye inu mumvetsa msanga kuposa ophunzira anga. M'kati mwa chikhodzodzo muli kansalu kopyapyala, kopangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo. Maselowo sangoyandikana. Lililonse lili ndi zomatira zake m'mbali, zogwirana ndi mnzake, ngati guluu."

"Guluu wa mtundu wanji?"

"Wopangidwa ndi thupi lomwe. Wina dzina lake ndi kadiherini, koma dzinalo musavutike nalo. Selo likagwirana bwino ndi anzake limakhala pamalo pake. Maselo a khansa ena amataya guluu ameneyu. Amafunuka, amayandama, akakakhala pena n'kumera. Akatswiri akuona kuti chotupa chimene maselo ake ndi omasuka chotero chimabwerera kawirikawiri. Anu aja, titawaona pa makina, anali otayana, osagwirana bwino."

A Namakhwa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Amene anafika Folomu 2 amadziwa za maselo, koma ambiri amangoloweza kuti akhoze mayeso. Munthu uyu, wa Sitandade 4, anamvetsa chinthucho ndi zala zake. Anali ataonapo zigamba zambirimbiri zofunuka m'mphepete, ndipo ankadziwa kuti chigamba chotero sichichenjeza.

"Guluuyo simungapakenso?"

"Sitinafike pamenepo. Chimene tingathe n'kuyang'ana. Muzibwera miyezi itatu iliyonse, Lachitatu, tizisuzumira. Ndipo mukaona magazi, ngakhale pang'ono chabe, ngakhale musakumva kupweteka, musamwe mapiritsi a likodzo. Bwerani."

A Namakhwa anasisita chipewa pabondo. Kenako anafunsa funso limene dokotalayo anati palibe wodwala anali atamufunsapo.

"Pepani adokotala. Kwathu chimbudzi n'chokumba, mdima uli bii. Panja dothi lake n'lofiira kale. Magazi ochulukawo munthu amawaona, koma apang'ono mukunenawo ndikawaona bwanji?"

A Hidaya anavomera kuti zimenezo sanaziganizire. 

Anaziganizira okha a Namakhwa, ali mu minibasi. Bowo laling'ono siliwoneka ndi maso, n'chifukwa chake pali beseni. Atatsika ku Limbe analowa mumsika n'kugula kapu yachitsulo yoyera mbee, ya mkombero wabuluu, zija zomwera tiyi. Atafika kunyumba anakhoma msomali kuseri kwa chimbudzi n'kuipachika pamenepo. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse dzuwa likangosuzumira, ankalowa m'chimbudzi ndi kapuyo, n'kutuluka nayo kuseri kumene kunali kuwala. Ankaikweza, kuipendeketsa uku ndi uku, kuyang'anitsitsa. Akaona kuti zili bwino ankanong'ona kuti, "Zikomo Ambuye, lero koyera." Ankakhuthula m'dzenje, kutsuka ndi phulusa, kupachika, kusamba m'manja, n'kumapita kukamata machubu. Mvula igwe, chiperoni chiwombe, Khrisimasi kapena tsiku la maliro, kapu inali yoyamba.

Amene ankadziwa zonsezi anali a Gertrude okha. Kumudzi anangouzidwa kuti a Namakhwa anakachita opaleshoni ya chophukacho, poti amenewo ndiwo matenda amene mwamuna amatha kuwatchula pagulu osagwetsa nkhope. Musaiwale kuti munthuyu anali mkamwini. Nyumba ya apongozi ake aakazi inali mapazi makumi awiri kuchokera pakhomo pake. Zaka zonsezo sanayang'anizanepo nawo m'maso. Akakumana panjira iye ankapatukira kutchire, kunjuta, kupereka moni nkhope ili kumbali. Munthu woleredwa chotero angatchule bwanji za mkodzo pabwalo la eni mudzi?

Zaka ziwiri zinatha akupita ku Gulupu miyezi itatu iliyonse, ndipo nthawi zonse m'kati munali mosalala. Anawatalikitsira masiku, kufika miyezi isanu ndi umodzi, kenako chaka chathunthu. Ulendo wotsatira unalembedwa Novembala 2002. Pakati ponsepo mlonda anali kapu.

Tsoka linadzera kwa a Goliati Mulepa, amene anatsegula malo awo omatira machubu tsidya lina la msewu. A Goliati anali achangu, ochezeka, okhala ndi wailesi, koma anyamata a kabaza ankamvera wailesiyo ali kwa a Dikirani. Tsiku lina akudutsa kanjira kakuseri popita kudimba, anaona mnzawoyo ataimirira kuseri kwa chimbudzi, atakweza kapu yoyera kuloza kum'mawa, milomo ikugwedera. Mawa lake anadzera dala komweko, n'kuonanso zomwezo. Sanapeke kanthu a Goliati. Anangonena zimene anaona, kwa anthu oyenera, pa nthawi yoyenera.

Nkhani inayenda yokha. Ena anati kapuyo inachokera ku Mozambiki. Ena anati zimene zimakhalamo amakathira m'beseni, n'chifukwa chake zigamba zawo sizichoka. Ena anakumbukira kuti munthuyu amapitapita ku Blantyre pamene sakudwala, kukatani? Anyamata a kabaza anaitenga ngati nthabwala.

"Madala, m'beseni muno mwathiramo chiyani lero?"

"Madzi a pamjigo."

"Ingotigawirani pang'ono, tiwaze pa kaliyala, mapasenjala azitithamangira."

A Namakhwa ankangomwetulira n'kumapala chubu. Koma kumudzi sizinali zoseketsa. Chinali chaka cha njala, maliro anali ochuluka, ndipo anthu ankayang'anana. Amayi anayamba kuletsa ana kudutsa pakhomo pawo. Kumphakati, pa nthawi yopatsana mtendere, dzanja lina linkachedwa kutuluka. Mwana wa mng'ono wawo wa a Gertrude atadwala malungo kawiri mwezi umodzi, nkhani inafika kwa mwini mbumba, a Timoti, mchimwene wawo wa a Gertrude.

A Timoti ndi munthu wa tomato, wonenepa, wokonda kuseka, ndipo ankagwirizana kwambiri ndi mlamu wawoyo. Anayamba ndi kuzungulira.

"Alamu, ndamva kuti tiyi wanu wa m'mawa mumamwera kuseri kwa chimbudzi. Shuga wake ngwapadera?"

"Mawu a anthu, alamu."

"Mawu a anthu ndi amene amagwetsa nyumba. Ngati pali kanthu ndiuzeni ine, tikonze pachibale."

"Palibe kanthu."

A Gertrude anawachonderera kangapo. "Bambo a Lydia, auzeni anthuwa. Ine kumjigo ndikafika, nkhani imaduka."

"Ndiwauze chiyani? Kuti ndimakodzera m'kapu ya tiyi? Amayi amve zimenezo?"

"Ndiye siyani kapuyo. Papita zaka zitatu, palibe chaoneka."

"Kapu sindisiya."

"Kuwauza ayi, kusiya ayi. Mukufuna akuthamangitseni?"

"Zidzazizira zokha. Dikirani."

Apa tinene zoona, ngakhale tikuwayamikira: pamenepa a Namakhwa analakwa. Miseche si guluu, siiuma ukaidikira.

Linali Lachitatu, mu Juni, kukuzizira kolowa m'mafupa. Nkhungu inali itangoyamba kung'ambika, dzuwa likutuluka lofooka. A Namakhwa anatuluka m'chimbudzi ndi kapu yawo monga mwa masiku onse, naikweza, naipendeketsa. Anapendeketsanso. Anasuntha phazi limodzi kuti kuwala kugwere bwino m'katimo. Sunali mtundu wa masiku onse. Unali ngati madzi otsukira nyama, ofiirira pang'ono, ndipo pansi pa kapu panali kamzere kofiira, kopyapyala ngati ulusi.

Nthawi yomweyo masamba a nthochi anaphwanyika, dzanja lolemera n'kuwagwira pamkono. Anali a Timoti, kumbuyo kwawo a Goliati, onse zovala zitanyowa ndi mame. Anali atabisala pamenepo kuti awagwire ndi umboni m'manja.

A Goliati anasuzumira m'kapu n'kubwerera m'mbuyo. "Magazi awo. Mwaona, a Timoti? Ndimanama ine?"

A Timoti anasuzumiranso. Nkhope yoseka ija inagwa. "Alamu," anatero motsitsa, "magazi awa nga ndani?"

A Namakhwa sanamve funsolo. Maso awo anali m'kapu. M'mawa woposa chikwi anali ataimirira pamalo amenewa, ndipo m'mawa uliwonse ankadziuza kuti akonzeka. Zinawabwerera zonse: fungo la chipatala, kuyang'ana kudenga, mawu a mtsikana uja akuti maselo ake ngotayana. Penapake m'kati mwawo kanthu kanali katafunuka n'kukamera.

A Timoti anawakokera pabwalo, kapu idakali m'manja chifukwa palibe amene anafuna kuikhudza. Anthu anatuluka m'nyumba, ena ndi mswachi kukamwa. Apongozi anatulukanso atafunda chitenje kumutu, n'kukhala pakhonde pawo. A Gertrude anaima pakhomo, dzanja pachifuwa, poti iwo okha ndi amene anamvetsa mtundu umene unali m'kapumo.

"Khalani pansi, alamu," anatero a Timoti. "Lero kuntchito kulibe. Tituma uthenga kwa amfumu, ndi kwanu komwe ku Mombezi, abwere ankhoswe anu. Mpaka nkhaniyi ithe, simuchoka pamudzi pano."

"Lero ndi Lachingati?"

"Mukufunsa masiku? Lachitatu."

"Ndiye ine ndikupita ku Gulupu. Amatseka mzere isanakwane teni."

"Mwamva?" anatero a Goliati, akutembenukira ku gulu. "Akuthawa."

A Namakhwa ankaudziwa mlandu wa mtundu umenewu. Ankhoswe amabwera pakatha masiku, amfumu amasuntha tsiku, wina amati tikaombeze, mwezi n'kutha. Ankadziwanso kuti akangokankha anthu n'kuthamangira ku siteji, pamudzipo sadzapondaponso. Panatsala njira imodzi, imene anaizemba zaka zitatu ndi theka.

Anaika kapu pansi. Anavula chipewa. Anatembenuka kuti nkhope isaloze khonde la apongozi, n'kunjuta monga anazolowera.

"Amayi, mundikhululukire. Ndilankhula zosayenera kulowa m'makutu mwanu."



"Magaziwo ndi anga. M'kapumo ndi mkodzo wanga. Ndimakodzeramo m'mawa uliwonse kuti ndione mtundu wake, chifukwa m'chimbudzi simuoneka. Opaleshoni ija siinali ya chophukacho. Anandichotsa khansa m'chikhodzodzo, ndipo anandiuza kuti ikhoza kubwerera. Lero ndi tsiku loyamba kuona magazi. Ndi zokhazo."

Mtsikana wina anaseka, mayi ake n'kumutsina. Amuna anayang'ana pansi. Khutu la a Namakhwa linali lotentha ngati lawambidwa. Kenako a Timoti anaphulika kuseka, kuseka kwa munthu amene watula katundu.

"Alamu inu. Zonsezi chifukwa cha likodzo? Ndani pano sanakodzepo magazi? Ine ndinakodza mpaka ndinakwatira, si uyu ndili pano? Tadzukani, tikapeze mapiritsi, mumwe, nkhani yatha. Ku Blantyre mukataya chiyani, chaka cha njala chino?"

Amuna angapo anavomereza. Ameneyu ndiye anali msampha woopsa kuposa woyamba uja, chifukwa unabwera ndi chikondi. A Namakhwa anauzindikira. Anali atagweramo kawiri mu 1998.

"Si likodzo, alamu. Likodzo anayeza, mulibe." Anatembenukira kwa mnzawo wa tsidya lija. "A Goliati, inu ndinu mmisiri mnzanga, mundithandize kuwafotokozera. M'thupi muli guluu wogwirizitsa tinthu ta m'katimo. Wanga ngwofooka, adokotala anaona. Tsono inu, chigamba chikayamba kufunuka m'mphepete, kasitomala n'kumati chikadagwira, mumamuuza chiyani?"

A Goliati anakanda kumutu. "Ine sindinanene kuti ndinu mfiti. Ndimangonena zimene ndinaona."

"Sindikukufunsani zimenezo. Mumamuuza chiyani?"

"Kuti atsike panjinga," anayankha monyinyirika. "Chikaphulika ali paliwiro chimang'amba chubu chonse, chosamatikanso."

"Ndi zomwezo. Ine ndikutsika panjinga."

A Gertrude anali atalowa kale m'nyumba. Anatuluka ndi pepala la pulasitiki, momwe munali makadi a kuchipatala ndi kabuku, n'kuzipereka kwa mchimwene wawo ndi manja awiri. A Timoti anatembenuza masamba. Zolemba za madokotala sakanatha kuwerenga, palibe amatha, koma zidindo anaziona, chidindo pa chidindo, masiku ake onse Lachitatu.

"Nanga chophukacho chija?"

"Linali bodza lathu, achimwene. Manyazi."

"Manyazi akanakupherani munthu," anatero a Timoti, osayang'ana aliyense.

Onse anadikira kuti apongozi anene kanthu. Mayiwo anakonza chitenje chawo, nayang'ana kumbali monga mwa mwambo, n'kulankhula ngati akuuza nkhuku.

"Kaya ndi matenda kaya n'chiyani, kapu imeneyo isadzafike pa thandala langa."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Mlandu unathera pomwepo, popanda woutseka.

A Timoti sanapepese, ndipo mpaka lero sanapepesebe. Anangopita kukatulutsa njinga yawo ya tomato, anamasula dengu pa kaliyala, n'kuyalapo thumba.

"Kwerani. Chubu chakumbuyochi munamata ndinu. Chikaphulika panjira mlandu ndi wanu."

Asananyamuke, a Namakhwa anatola kapu, anakakhuthula, anatsuka ndi phulusa, anaipachika pa msomali wake, anthu onse akuona. Kenako anakwera. A Timoti anapalasa thupi lonselo mpaka pa mphambano ya ku Nguludi, thukuta lili kamukamu m'chisanu chimenecho, ndipo chubu sichinaphulike. Minibasi ya ku Limbe anaipeza ikudzaza.

A Hidaya atawaona pamzere anayang'ana kabuku, n'kuwayang'ananso.

"Bambo a machubu, tinagwirizana Novembala."

"Guluu uja, adokotala."

"Mwaona liti?"

"Lero m'mawa."

"Lero lomwe?" Anavula magalasi. "Anzanu amabwera pakatha chaka, atamaliza mapiritsi a likodzo a m'boma lonse. Munaona bwanji, poti munati kwanu n'kwamdima?"

Anawauza za kapu. Za nthochi ndi a Goliati sanatchule.

Sabata yotsatira anawasuzumira. Anapeza tizotupa tiwiri, kalikonse kosaposa njere ya nandolo, titamera mbali ina, kutali ndi pamene panali choyamba chija, monga momwe dokotalayo ananenera kuti maselo omasuka amachitira. Tonse tinali tikadali pamwamba. Anatipala, anagona masiku anayi, n'kutuluka akuyenda okha. A Hidaya anayamba kunena kuti akanadikira mpaka Novembala, koma a Namakhwa anakweza dzanja. Sanafune kumva mathero ake. Dokotalayo anawabwezera pa ulendo wa miyezi itatu iliyonse, ndipo anawauza poyera kuti khansayo ikhoza kubweranso kachitatu. Iwo anati akudziwa, msomali ulipo.

Sikuti mudzi wonse unatembenuka. Alipo mpaka lero amene amati za chipatalazo n'zophimbira, ndipo ana ena amawatcha dzina lina limene silingalembedwe pano. Kwa munthu amene anakhala moyo wake wonse akupatukira apongozi kutchire, dzina limenelo limapweteka, ndipo amalimva. Amangopala chubu. A Goliati anasiya zomata, tsopano amagulitsa makala, ndipo njinga yawo ikaphwa amaituma ndi munthu kwa a Dikirani.

Tsiku lina chaka chathachi, dzuwa likupendeka, anyamata a kabaza atabalalika, panatsala bambo mmodzi, a Mikaele, amene amanyamula anthu pakati pa Mbombwe ndi Ndunde. Ndi munthu wamkulu, wa ana asanu. Chubu chawo chinali pabondo la a Namakhwa, guluu akuuma. A Mikaele anayang'ana kumsewu, anayang'ana kumsika, n'kusendera pafupi.

"Madala, zija munaona m'kapu zija. Mtundu wake unali wotani?"

A Namakhwa sanadzutse mutu. "Zayamba liti?"

"Mwezi watha. Koma sizipweteka. Ndamwa kale mapiritsi kawiri, ndiye ndimati ndione kaye mwezi uno."

A Namakhwa anayesa guluu ndi nsonga ya chala. Anali asanaume. Anaika chubucho pa bokosi, anapukuta manja, n'kuyang'ana dzuwa kuti aone ngati ku Nguludi angakhale asanatseke.

"Njingayi isiyeni pano, muipeza mawa. Tengani yangayo ili pamtengoyo. Mukafika mukanene zonse, osati za chophukacho."

"Lero lomwe, madala?"

"Lero lomwe. Nyamukani."